Kompyuta ya mwana wathu itasowa mawu

Kompyuta ya mwana wathu inabwera kuno pamodzi ndi nsapato zake, jekete ndi bulangete limene anafunda kuchipatala. Anabweretsa ndi mkazi wake, mtengwa wathu, maliro atatha. Pogawa katundu wa malemu achibale anatenga zovala, koma kompyutayo mtengwa anaiika pamiyendo pa mkazi wanga, nati: "Iyi ikhale kuno, amayi. Muli nyimbo zake m'menemu, zimene ankadzijambula yekha akaweruka kuntchito."

Mwanayo anali woyimba kuyambira ali wamng'ono. Koma mawu ake aukulu ine sindinkawadziwa bwino, chifukwa zaka zake zomaliza ine ndi iye sitinkayankhulana. Akaimba foni kuchokera ku tauni, ndinkangopereka kwa amake. Anamwalira zinthu zili choncho.

Kompyutayo tinaiika m'sutikesi kunsi kwa bedi ndipo inakhalamo nyengo yaitali. Ine sindinkaitchula, mkazi wanganso sankaitchula. Kenaka matenda a shuga anamulanda maso, miyendo inayamba kutupa, ndipo munthu amene ankalima mizere ya kachewere kundisiya ine m'mbuyo anasanduka wongokhala pamphasa. Tsiku lina titabwerako ku chipatala ku Sharpevale, atapuma pang'ono, anandiitana.

"Bambo, nkhope ya mwana uja sindidzaionanso, ngakhale pachithunzi. Koma makutuwa akadalipo. Ndimvetseni mwana wanga makutuwa asanatseke nawonso."

Ine kuwerenga ndinaphunzira imvi zitamera kale, ku sukulu ya kwacha, nditakhala pakati pa amayi amene ankandiseka ndikagwira pensulo ngati mpini wa khasu. Baibulo ndimawerenga ndithu, chala chikuyenda pansi pa mawu. Chingerezi ndimangotola apa ndi apo. Za kompyuta sindinkadziwa ngakhale poyatsira. Komabe m'mawa mwake ndinaikulunga m'chitenje, ndinaimanga pakaliyala pa njinga, ulendo wa ku Kandeu.

Ku Kandeu kunali bambo wina wokonza mafoni ndi mawailesi, munthu wamkulu ndithu, wa magalasi omanga ndi waya. Ataiyatsa, kompyuta inabuula, inatentha, kenaka inangouma osasuntha.

"Madala," anatero, "iyi yakalamba ngati inu nomwe. Zam'kati zake ndi katundu wa pangolo, pamene iyo mphamvu zake ndi za njinga yakapalasa. Ndichotsa zolemerazi, ndiikemo zopepuka. Koma mudziwe: sipakhala zithunzi, sipakhala kamuvi kosonyeza. Galasi lakuda ndi zilembo basi. Chilichonse muzichita kuiuza polemba."

"Nyimbo zija bwanji?"

"Nyimbo sindikhudza. Zili kuchipinda china."

Anagwira ntchito yake mpaka dzuwa kupendeka. Atamaliza anandiphunzitsa kulowa: kulemba dzina lalifupi, kenaka mawu achinsinsi amene saoneka ukamalemba, kenaka mawu oitanira nyimbo. Tinabwereza mpaka zala zanga zinagwira. Linali tsiku la msika. Sitolo yoyandikana nayo inali itatulutsa chimkuzamawu panja, njinga zamoto zikulira, ogulitsa kaunjika akukuwa. Bamboyo anayatsa nyimbo imodzi, manambala pagalasi anayamba kuyenda, iye nati: "Mwaona? Ikuyimba." Ine sindinamve kanthu. Ndinayesa ndi makutu anga aukalamba ndi phokosolo, ndipo ndinachita manyazi kunena. Ndinagwedeza mutu, ndinathokoza, ndinanyamuka.

M'mawa mwake mkazi wanga anati ndimuthandize kusamba. Anavala chitenje chake chopitira ku tchalitchi, anamanga duku, anakhala tsonga pamphasa ngati akudikira mlendo wochokera kutali. Ndinaika kompyuta pampando, ndinalemba zonse monga anandiphunzitsira. Manambala anayamba kuyenda. Kunja kunkamveka nkhuku ndi mphepo ya mwera m'mitengo ya bulugamu.

"Yayamba?"

"Yayamba."

Tinadikira. Anapendeketsa mutu, khutu labwino kulozetsa kumpando.

"Nanga bwanji?"

"Kaya. Manambala akuyenda."

"Manambala ndimve nawo chiyani ine?" Kenaka anati: "Mwina wakuonani inuyo. Tatulukani kaye, mwina ayimba."

Ananena moseka. Koma ine ndinatuluka ndithu, ndinakaima kuseri kwa nkhokwe nthawi yaitali, khutu lili kunyumba. Sikunamveke kanthu. Pobwerera ndinamupeza atamasula duku, atagona choyang'ana kukhoma.

Ndinapalasanso wa ku Kandeu, koma ndinapeza pakhomo pali loko. Oyandikana naye anati wapita kuchigwa, kwawo kwa akazi ake, kukathandiza kumweta mpunga, ndipo za kubwera kwake palibe ankadziwa. Munthu wina wodziwa za kompyuta amene tinkamudziwa anatsala mmodzi yekha: mtengwa wathu, amene amagwira ntchito ya mu ofesi ku tauni.

Kwathu kuno mpongozi wamwamuna sachezerana ndi mkazi wa mwana wake. Chikwatiwire pakhomo pathu, mtengwayo ankandipatsa moni ali patali, atagwada, nkhope atayang'ana kumbali, inenso n'kuyankha ndikuyang'ana kwina. Chimene ndinkafuna kumuuza chinkadzera mwa mkazi wanga, chake chinkadzeranso momwemo. Ndiye ntchito ya kompyutayi tinaiyendetsanso chomwecho. Masana dzuwa likatentha, sola itadzaza batire, ndinkamutulutsa mkazi wanga pakhonde pamene foni imagwira bwino. Iye ankaika foni kukhutu, ine ndili ndi kompyuta chapatali pang'ono. Mtengwa ankatchula chilembo, amayi n'kundiponyera.

"Akuti A wamng'ono."

"Ndalemba."

"Akuti L."

"L uti?"

"Alipo angati ma L, inu a sukulu ya kwacha? Ine ndimudziwa bwanji, ndinapitako kusukulu?"

"Mufunse ngati ndi wamkulu kapena wamng'ono."

"Mwana wanga, akuti wamkulu kapena wamng'ono? Akuti onse aang'onoang'ono, bambo, musamafunse kawiri, mukutha mayunitsi a mwana."

Zinali zovuta. Munthu wosaona, wosadziwa chilembo ngakhale chimodzi, ndiye anali mlatho wa zilembo zachingerezi. Ndikalakwitsa chimodzi, kompyuta inkayankha mzere wautali umene ndinkayenera kuuwerenga chilembochilembo, amayi n'kuutumiza ku tauni, n'kubweranso yankho. Nthawi zina mkazi wanga ankaiwala za zilembo n'kuyamba kufunsa za mitengo ya tomato ku tauni, ine chala chili m'mwamba kudikira. Koma masiku amenewo ankaseka, ndipo ndimawakumbuka bwino.

Tsiku lina mawu amene ndinkalemba aja analondola. Galasi lakuda linasintha, panatuluka mizati yoimirira, yondandana ngati mapesi m'munda wokolola. Mtengwa anati mzati uliwonse ndi njira ya mawu, ndipo yonse inali pansi. Anati ndiziyenda pakati pake ndi mabatani a mivi ya kumanja ndi kumanzere, ndiziikweza ndi muvi woloza kumwamba. Ndikadina, mzati unkadzaza: wobiriwira pansi, woyera pakati, wofiira pamwamba. Ndinakweza yonse mpaka pofiira. Ndinatuluka m'menemo, ndinaitana nyimbo. Manambala anayenda. Duu.

"Akuti mawa," anatero mkazi wanga, n'kutsitsa foni. "Abwana awo alowa."

Mawa lake mkazi wanga sanathe kudzuka. Mkuja anadzuka, koma mkono sunkathanso kugwira foni nthawi yaitali, ndipo tulo tinkamugwira chilembo chili pakamwa. Chakudya chinali phala lokha, masipuni owerengeka. M'mawa uliwonse ndikamutembenuza ankafunsa funso limodzi: "Lero ayimba?" Ine ndinkati, "Tiyesa." Anthu a mpingo anayamba kubwera kawirikawiri kudzapemphera, ndipo ndinkadziwa tanthauzo lake.

Masana ena tili pakhonde, atangonena kuti "Akuti mutsegulenso mizati ija," mutu wake unagwera pachifuwa. Foni inatsetsereka, inagwera pamphasa. Ndinamva kamawu kakang'ono kakuitana kuchokera pansipo: "Amayi? Amayi?" Ndinayang'ana foniyo nthawi yaitali. Ndinayang'ananso kumsewu ngati kukubwera munthu. Kenaka ndinaitola.

"Ndine, mtengwa."

Ndinamva mpando ukukhwekhwereza, ngati waimirira kapena wagwada mu ofesi momwemo.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera. Amayi anu atopa. Muziuza ine."

"Ndikulakwirani, bambo."

"Mlandu ukhale wanga. Nenani."

Popanda mlatho ntchito inathamanga. Anandifunsa zimene amayi sakanatha kufunsa.

"Pansi pa mzati uliwonse pali kabokosi, bambo. Mwalembedwa chiyani?"

"Muli ma M awiri."

"Yonse?"

"Yonse."

"Ayi, ndiye ndi zimenezo! Imeneyo ndiye kuti njira ndi yotseka. Zopepuka zimene anakuikiranizi zimabwera zili zotseka pakamwa, munthu amachita kutsegula yekha. Ngakhale mukweze mpaka kudenga sizingamveke. Imani pa mzati woyamba, mudine M pa mabatani anuwo."

Ndinadina. Ma M aja anasanduka timazira tiwiri tobiriwira. Ndinayenda mzati ndi mzati kutsegula yonse. Mawu oitanira nyimbo ndinawalakwitsa, n'kuyambiranso. Manambala anayamba kuyenda. Ndinaweramitsa khutu mpaka linakhudza mabatani.

"Bambo?"

"Palibe."

Ndinamumva akupuma mwamphamvu. Anati mwina mawu akupita ku khomo lina, lolumikizira kanema wamkulu. Anandidinitsa batani lina la mzere wapamwamba, panatuluka mayina awiri, ndinamuwerengera, nati ndisankhe loyamba. Ndinasankha. Palibe chinasintha. Mayunitsi ankangopita. Mkazi wanga ankapuma movutikira pamphasa paja, pakamwa pali yasa.

"Bambo, pepani ndifunse. Simunalowetse zomvera za m'makutu?"

"Tilibe zimenezo."

"Tayang'anani m'mbali mwake. Pali kabowo kakang'ono kozungulira."

"Kalipo. Koma ndinakatseka."

"Munakatseka? Ndi chiyani?"

Ndinamufotokozera. Kuno kuli timavu tija timene timamanga ndi dothi m'kabowo kalikonse tikakapeza: m'loko, m'pampu ya njinga, kuseri kwa wailesi. Munthu wosamala katundu wake amatseka mabowo. Tsiku limene ndinabwera nayo kuchokera ku Kandeu ndinaona kamodzi kakuzungulira kompyutayo, ndiye ndinasema timitengo ta nsungwi, kalikonse molingana ndi bowo lake, ndinakhomera bwinobwino, n'kudula kuti pasalale. Ndinasiya bowo la chingwe cha moto lokha.

Mtengwa anaseka. Chikwatiwire sindinamvepo kuseka kwake. Anaseka mpaka kutsamwa, kenaka kusekako kunasanduka china, ndipo ndinadikira mpaka anamina.

"Pepani, bambo. Kompyuta ikamva kanthu m'kabowo kameneko imayesa munthu wavala zomvera, ndiye imatseka masipika ake, mawu onse n'kuwatumiza kumeneko. Chitsegulire ma M aja, iye akuyimbira kansungwi kanuko."

Kuchotsa kanali kantchito. Ndinali nditasema bwino kwambiri. Zikhadabo zinalephera, munga unathyoka. Ndinatenga singano ya amayi, ndinaitenthetsa nsonga pamakala, ndinaibaya pakati pa kansungwi pang'onopang'ono, ndikuopa kuti ndikalasa china m'katimo n'kupha zonse. Foni inali pamphasa, mtengwa ali pomwepo. Ndinadikira singano izizire, ndinapotoza, ndinakoka.

Nyimbo inali ikuyendabe, mizati yonse ili pofiira. Mawu anaphulika pakati pa liwu, okalipa, othetheka ngati lata likung'ambika. Nkhuku zinabalalika. Mkazi wanga anadzidzimuka, manja akufufuza m'mwamba.

"Zimitsani! Ndani ameneyo?"

"Ndi mwana, mayi. Wayimba."

"Bodza! Ameneyo si mwana wanga."

M'masiku onse aja a chete palibe limene linandipweteka ngati mawu amenewo. Pansi paja mtengwa ankakuwa: "Tsitsani, bambo! Zichoke pofiira!" Ndinatsegulanso mizati, ndinaitsitsa mpaka poyera. Kuthetheka kunatha, gitala anamveka, mawu anamveka. Mkazi wanga anamvetsera, nkhope ili gwa.

"Mwana wanga anali ndi mawu a pansi, otuluka m'chifuwa. Uyu akuyimbira m'chitini. Mwandibweretsera wina."

Masipika a kompyutayo ndi tinthu ting'onoting'ono, tili kunsi kwake. Mtengwa anati sangachitenso kanthu, pokhapokha atatumiza sipika yaikulu mwezi ukatha. Ndinamuyang'ana mkazi wanga ndipo ndinadziwa kuti mwezi umenewo si wathu.

Kale tili anyamata, mabatire a wailesi akafooka, tinkaikhazika pakamwa pa mtsuko wopanda madzi kuti mawu akule. Ndinalowa m'nyumba, ndinakhuthulira madzi a mumtsuko wathu waukulu m'ndowa, ndinaugubuduza mpaka pafupi ndi mphasa. Ndinakhazika kompyuta pakamwa pake, masipika kuloza m'kati. Ndinaitana nyimbo ija kuti iyambire poyamba penipeni.

Poyambapo sipanali nyimbo. Panamveka mpando, zingwe za gitala zikukungidwa, galimoto ikudutsa patali. Kenaka munthu anakonza kukhosi, kawiri, nati chapansipansi: "Tiyesenso." Mawuwo anatuluka mumtsuko ali ndi thupi lake.

Mkazi wanga anakweza dzanja.

"Bwezani."

"Nyimbo sinayambe, mayi."

"Ndati bwezani pomwepo."

Ndinabweza. Mpando, zingwe, galimoto, kukhosi. Ndinabwezanso. Misozi inkatsika m'maso osaona aja, iye osaipukuta.

"Ndi iyeyu," anatero, n'kuitana mtengwa pafoni. "Mwana wanga, uli pomwepo? Ndi iyeyu." Koma foni inali itaduka kale, mayunitsi atatha.

Nyimbo itayamba ine ndinaimirira. Miyendo inkafuna kundichotsa pamenepo.

"Mukupita kuti? Khalani pansi. Ikatha ayatse ina ndani, ine?"

Ndinakhala. Ndinamva zonse, kuyambira yoyamba mpaka yomaliza. Zambiri zinali za Mulungu, zina za ntchito ndi za kusowa kwawo. Imodzi ankatchula phiri la kwathu ndi njira yopita kudimba. Ankapuma pakati pa mizere monga ndimapumira ine ndikamayimba ku tchalitchi, mochedwa, anzanga atapita kale patsogolo. Sindinadziwe kuti anatengera zimenezo.

Kuyambira tsiku limenelo mtsuko uja sunalowenso madzi. Masana alionse ndinkamutulutsa pakhonde, ndinkayatsa, iye n'kumamvetsera atatsinzina. Pena ankamudzudzula: "Apa wathamanga, iwe." Pena ankamuyankha ndi mawu achiwiri, ofooka ngati ulusi. Amayi a mpingo akabwera ankawauza kuti, "Khalani chete, mwana akuyimba," iwo n'kukhala chete. Anayamba kudyako pang'ono, ndipo ine ndinadzinamiza kuti mwina achira.

Kenaka kunabwera chiperoni. Mitambo inatsika mpaka m'mitengo, kamvula kosalekeza, kuzizira kolowa m'mafupa. Sola inangokhala padenga ngati mbale. Batire lalikulu linafooka, la m'kompyuta nalo linali lokalamba, losasunga moto. Pakhonde sitikanatha kukhala, ndiye ndinalowetsa mtsuko kuchipinda, pafupi ndi bedi. Ndinaleka kuyatsa nyale ndi kutchaja foni kuti kamoto kotsalako kakhale ka nyimbo. Ndinaganiza zopita nayo ku Kandeu kukatchajitsa, koma panalibe womusiyira, ndipo iye sankafuna ndichoke.

M'mawa wina anadzuka maganizo ali bwinobwino, mawu omveka kuposa masiku onse.

"Bambo, yatsani ya kudimba ija."

"Moto ndi wochepa, mayi. Tidikire dzuwa."

"Dzuwa ndi lanu inu. Yatsani."

Ndinayatsa. Kanyale ka m'mbali kanali kakuphethira kale. Mwana anayimba ndime yoyamba yonse, analowa yachiwiri, ndipo ali pakati pa mzere galasi linada. Mumtsuko munatsala kulira pang'ono, kenaka zii. Ndinadina poyatsira, ndinadinanso, ndinagwedeza chingwe.

"Lekani," anatero mkazi wanga. "Ndikuidziwa."

Anatenga mzerewo pamene mwana anausiyira, naumaliza yekha monong'ona. Anapitiriza ndime yonse, akupuma pa liwu lililonse, dzanja lake lili pa bondo langa. Pothera sindinkamvanso mawu, ndinkangoona milomo. Atamaliza anati ndimufunditse miyendo, ndinamufunditsa.

Anatisiya tsiku lotsatira chakumasana, kunja kukadali mitambo.